KUSINTHA MASHOKO A KUMBUYO KWA GALIMOTO PAKHOMO

M'nkhani yathu ya lero tikambirana za chitsulo chimodzi cha galimoto chimene eni magalimoto ambiri sachiyang'ana konse, ndipo ngakhale chitafa, ena amayenda nacho chaka chathunthu osazindikira. Chitsulo chimenechi amakaniko amachitcha shoko. Tifotokoza ntchito yake, zizindikiro zoti yatha, ndi m'mene munthu angasinthire mashoko a kumbuyo ali pakhomo pake. Tinenanso poyera pamene mwini galimoto ayenera kulekera ndi kusiyira amakaniko, pakuti pa ntchito imeneyi pali zinthu ziwiri zimene zingathe kupha munthu, ndizo jeke ndi sipuling'i.

Chitsanzo chathu tichitenga ku dera la Kabwazi m'boma la Dedza. Limeneli ndi limodzi mwa madera a zaulimi a bomalo, pamodzi ndi ena monga Linthipe, Lobi, Chafumbwa, Kanyama ndi Bembeke. Anthu a kumeneko amalima chimanga, nyemba, soya ndi mtedza, ndipo ikakwana nyengo yokolola, matumba amayenera kuchoka m'midzi kupita ku misika monga wa Chimbiya pa msewu wa M1, kapena kufika nawo ku Lilongwe. Njira zolowa m'midzi ndi zafumbi. Mvula ikagwa kuyambira mu Novembala kufikira mu Epulo imazikumba ngalande ndi maenje, ndipo dzuwa likaumitsa, msewu umachita mizeremizere ngati malata. Galimoto yoyenda m'misewu yotere itasenza katundu imatha mashoko msanga, pamene galaja ya zida zokwanira ndi sitolo ya masipeya zili kutali. Zimene tinene za ku Kabwazi zikhudzanso wa ku Ntchisi, wa ku Neno kapena wa ku Chitipa, pakuti vuto la msewu ndi lomwelo.

Ntchito ya shoko

Poyamba tichotse maganizo amene afala pakati pa madalaivala, oti shoko ndi imene imanyamula katundu. Chimene chimanyamula galimoto ndi katundu wake ndi sipuling'i. Tsono sipuling'i ili ndi khalidwe limodzi loipa. Mukaipsinja n'kuitaya, siibwerera n'kukhala chete, koma imanjanja kangapo isanakhazikike. Galimoto yokhala ndi masipuling'i okha ingamadumphe ngati mpira pa bampu iliyonse, ndipo matayala ake angamachoke pansi. Shoko anaiikapo kuti iletse kunjanja kumeneku.

Mkati mwa shoko muli mafuta, ndipo m'mafutamo mumayenda pisitoni yokhala ndi timabowo ting'onoting'ono. Tayala likakwera kapena kutsika, pisitoniyo imakankha mafuta kuti adutse m'timabowomo. Popeza mafuta sangadutse mwachangu pa malo opanikizika chotero, kuyenda kwa sipuling'i kumachedwa, ndipo mphamvu ya kunjanjako imasanduka kutentha kumene kumatayika ndi mphepo. Mashoko ambiri a masiku ano amaikamonso mpweya wa nayitirojeni wopanikizidwa, kuti mafuta asachite thovu akatentha, pakuti mafuta a thovu sagwira kanthu.

Phindu lake lalikulu ndi lakuti tayala limakhala lokanirira pansi. Galimoto yonse imakhudza msewu pa malo anayi okha, ndipo malo alionse ndi aakulu ngati chikhatho cha munthu. Mabuleki, chiwongolero ndi injini zonse zimadalira malo anayi amenewa. Tayala likakhala m'malere, ngakhale kwa kamphindi, buleki ya tayala limenelo siigwira kanthu. Chifukwa chake galimoto ya mashoko akutha imachedwa kuima, ndipo pa kona ya msewu wa mabampu kumbuyo kwake kumatsetsereka kupita m'mbali. Ku mapiri a Dedza, kumene mitsetse ndi makona ndi zosawerengeka, imeneyi ndi nkhani ya moyo wa dalaivala, wa anthu okwera, ndi wa mwana amene akuyenda m'mbali mwa msewu.

Zizindikiro zoti shoko yatha

Shoko siifa tsiku limodzi. Imafooka pang'onopang'ono, kotero kuti dalaivala amazolowera osadziwa kuti galimoto yasintha. Makampani opanga mashoko amalangiza kuti aziunikidwa pa makilomita 20,000 alionse, ndi kuti pofika makilomita 80,000 mwini galimoto aganize zosintha. M'misewu ya kumudzi nthawiyo imafupika. Pali njira zingapo zoyesera zimene sizilira ndalama.

Yoyamba ndi kuyang'ana. Gwadani ndi kuona thupi la shoko. Kachinyezi kochepa pamwamba pake si kanthu, koma mukaona mafuta atayenderera mpaka pansi, fumbi litamatirira n'kuchita matope akuda, dziwani kuti mafuta akutha mkati. Yang'ananinso malabala amene ali kumapeto kwake konse kuwiri, amene amakaniko amati mabushi. Akang'ambika, galimoto imagogoda pa bampu iliyonse. Nthawi zina cholakwika ndi mabushi okha, shoko ili bwinobwino, ndipo mabushi ndi otsika mtengo.

Yachiwiri ndi kupsinja. Galimoto ili yopanda katundu, tsamirani ndi thupi lanu lonse pa ngodya imodzi ya kumbuyo, ndipo mutaye mwadzidzidzi. Ikakwera kamodzi n'kukhazikika, shoko ikugwira. Ikanjanja kawiri kapena katatu, yatha. Pa pikiapu ya masipuling'i olimba njira iyi siioneka bwino, choncho pali yachitatu. Yendani makilomita angapo pa msewu wa mabampu, imani, ndipo mukhudze thupi la shoko iliyonse mosamala, mopewa paipi ya utsi. Shoko yogwira ntchito imafunda. Ikakhala yozizira pamene inzake yafunda, imeneyo yafa.

Chizindikiro china chili pa matayala. Tayala lodumphadumpha limadyeka mosiyanasiyana, pena pakuya pena posaya, kuzungulira tayala lonse. Mukayendetsa dzanja pamwamba pake mumamva zigwembezigwembe. Apa mwini galimoto amaluza kawiri, pakuti tayala latsopano liikidwa pa shoko yakufa lidzadyekanso chimodzimodzi.

Koma mukaona kumbuyo kwa galimoto kwakhala pansi ngakhale mulibe katundu, musathamangire kugula shoko. Pamenepo yatopa kapena yathyoka ndi sipuling'i, ndipo shoko yatsopano siidzadzutsa galimotoyo.

Dziwani mtundu wa galimoto yanu

Musanagwire sipanala, dziwani kuti kumbuyo kwa galimoto yanu anakupanga motani, pakuti mitundu ilipo itatu. Woyamba ndi wa mapikiapu monga Toyota Hilux ndi Nissan Hardbody, amene ali ndi masipuling'i a zitsulo zazitali zosanjikiza, ndipo shoko ili payokha pambali. Wachiwiri ndi wa magalimoto monga Toyota Probox, imene inayamba kupangidwa ku Japan m'chaka cha 2002 ndipo yafala kwambiri kuno kwathu. Imeneyi ili ndi sipuling'i yopota, koma shoko ilinso payokha. Pa mitundu iwiriyi shoko yagwiridwa pamwamba ndi pansi pokha, ndipo munthu wodekha angathe kuisintha pakhomo.

Mtundu wachitatu ndi umene amakaniko amautcha strut. Pamenepa shoko ili mkati mwa sipuling'i yopota, ndipo ziwirizi anazimanga pamodzi n'kukhala mwendo umodzi umene ukugwiranso gudumu. Kapangidwe aka kamadziwika ndi dzina la Earle MacPherson, katswiri wa ku America, ndipo kanatchuka ndi galimoto ya Ford Consul imene inaonetsedwa ku England m'chaka cha 1950. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ali nako kutsogolo, koma ena, monga Toyota Corolla za m'zaka za m'ma 1990, ali nako ndi kumbuyo komwe. Kuzindikira kwake n'kosavuta. Mukaona shoko ikudutsa pakati pa sipuling'i, sipuling'iyo itakhala pa mbale imene ili pa thupi la shoko, muyitenge ngati strut. Za mtundu umenewu tinena payokha kutsogoloku.

Kugula mashoko

Mashoko amagulidwa awiriawiri. Mukasintha mbali imodzi yokha, mbali ina imakhala yolimba ina yofewa, ndipo galimoto imapendama pa kona ndi pomanga buleki. Popita ku sitolo ku Dedza kapena ku Lilongwe, lembani nambala ya chasisi ndi chaka cha galimoto, pakuti magalimoto a dzina limodzi amasiyana malinga ndi chaka ndi dziko limene anachokera. Ngati n'kotheka, yezani kutalika kwa shoko yakale ndi kuona mapeto ake, kaya ndi a bowo lolowa bawuti kapena ndi a ndodo ya mazinga. Shoko yofupika imakoka ekiselo isanafike polekezera, ndipo yotalika imagunda mkati galimoto ikasenza. Zonse ziwiri sizikhalitsa.

Mayina odziwika a opanga mashoko ndi monga KYB, Monroe ndi Gabriel. Yang'anani kuti nambala imene ili pa bokosi ndi yomweyo imene yadindidwa pa chitsulo. Ambiri amagula mashoko ochotsedwa pa magalimoto ena chifukwa cha mtengo. Ngati thumba lakukakamizani kutero, imikani shoko chilili, muikoke ndi kuikankha ndi manja. Iyenera kulimba ulendo wonse, popanda malo pamene ikungotsetsereka, ndipo ndodo yake ikhale yosalala, yopanda dzimbiri kapena zokanda. Shoko yopakidwa utoto watsopano pamene ndodo yake ndi yakale muikayikire, pakuti utoto umabisa pamene mafuta ankatuluka.

Zida ndi malo ogwirira ntchito

Mufunika jeke, ndipo zikakhala ziwiri ndi bwino koposa. Mufunikanso masitandi achitsulo okhazikapo galimoto, sipanala yomasulira matayala, masipanala oyenerana ndi manati a shoko, bulashi ya waya, mafuta ofewetsa dzimbiri, thabwa lochindikala, ndi mitengo kapena miyala yotsekera matayala. Gwiritsani sipanala yozungulira mutu wonse wa nati, pakuti yotsegula kukamwa imatsetsereka ndi kudya makona a natiyo. Kutatsala tsiku limodzi, tsukani matope pa mabawuti ndi bulashi, muthirepo mafuta aja, ndipo muwasiye agone. Ntchitoyi muiyambe m'mawa, pakhalenso munthu wina wamkulu pafupi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu wopanikizidwa pansi pa galimoto sangathe kudziitanira thandizo patali. Ana ndi ziweto zikhale kutali.

Tsono mvetsetsani za ngozi yoyamba, ndiyo jeke. Jeke ndi yokwezera galimoto basi. Siinapangidwe kuti igwire galimoto pamene munthu ali pansi pake. Galimoto yaing'ono ngati Probox imalemera kuposa tani imodzi, ndipo bawuti yadzimbiri imafuna kuikoka ndi mphamvu, kotero kuti galimoto yonse imagwedezeka. Sankhani malo osalala, athyathyathya ndi olimba. Ku Kabwazi ndi madera ena a mapiri mabwalo ambiri ndi otsetsereka, ndipo dothi la m'dzinja limaoneka louma pamwamba pamene pansi ndi lofewa. Ikani thabwa pansi pa jeke ndi pansi pa sitandi. Musakhazike galimoto pa njerwa kapena pa mabuloko a simenti, pakuti zimenezi zimaphwanyika mwadzidzidzi popanda kuchenjeza. Ngati masitandi palibe, funani zidutswa za mtengo wolimba, zazikulu ndi zocheka bwino mbali zonse, ndipo muzigoneke chafufumimba, osaziimika.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Handibuleki imagwira matayala a kumbuyo. Mukakweza kumbuyo, matayala amene imagwirawo achoka pansi, ndipo galimoto ingathe kugubuduka. Pa pikiapu yoyendera matayala a kumbuyo, ngakhale giya siithandiza, pakuti nayonso imagwira omwewo. Choncho tsekani matayala onse awiri a kutsogolo, kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake, musanayambe kukweza.

Kachitidwe kake

Pa mapikiapu ambiri pansi pali malo okwanira, kotero kuti shoko ingathe kusinthidwa matayala onse ali pansi, popanda kukweza konse. Ngati galimoto yanu ilola zimenezi, imeneyo ndiyo njira yabwino yoposa zonse. Ngati siilola, tsatani izi.

Galimoto ikadali pansi, fewetsani manati a tayala pang'ono. Ikani jeke pa malo olimba amene buku la galimoto lasonyeza, kwezani, ndipo mukhazike galimoto pa sitandi. Igwedezeni ndi manja kuti muone ngati yakhazikika. Chotsani tayala ndi kuligoneka pansi pa galimoto m'mbali mwa sitandi, kuti china chikalakwika galimoto igwere pa tayalalo.

Kenaka ikani jeke pansi pa ekiselo, pafupi ndi shoko, ndipo mukweze pang'ono kufikira ekiseloyo itatsamira pa jeke. Chifukwa chake ndi ichi. Pa magalimoto ambiri a sipuling'i yopota, shoko ndi imene imaletsa ekiselo kutsika mopitirira. Mukaimasula popanda chochirikiza, ekiselo imagwa, sipuling'i ingathe kuchoka pamalo pake, ndipo paipi ya labala ya mafuta a buleki imakokeka mpaka kung'ambika. Pa chifukwa chomwechi, gwirani mbali imodzi mpaka kumaliza musanakhudze inayo. Mbali yosakhudzidwayo ikhalanso chitsanzo chanu mukaiwala m'mene zinakhalira.

Masulani bawuti ya pansi. Ikakana, onjezani mafuta ndi kudikira, ndipo muziibweza uku ndi uku pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bawuti yothyokera mkati imasandutsa ntchito ya ola limodzi kukhala ulendo wokafuna owotcherera. Musayatse moto kuti mufewetse bawuti, pakuti thanki ya petulo ili chakomweko, ndiponso shoko ya mpweya siifuna moto. Nati ikachoka koma bawuti ikukanirira m'bowo, kwezani kapena tsitsani jeke ya pa ekiselo pang'ono mpaka bawuti itamasuka.

Tsono pitani pamwamba. Pa pikiapu mapeto a pamwamba ali pa chasisi. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri ali mkati mwa buti, kuseri kwa pulasitiki kapena kapeti ya m'mbali. Ngati ndi a ndodo ya mazinga, ndodoyo imazungulira pamodzi ndi nati, choncho muigwire kunsonga kwake ndi sipanala yaing'ono. Pochotsa, ndandalikani mawasha ndi mabushi pansi monga m'mene anakhalira, kuti atsopano alowe mwa dongosolo lomwelo.

Ikani shoko yakale pambali pa yatsopano ndi kuzifanizira kutalika ndi mapeto. Zikasiyana, lekani, bwezerani yakale, ndipo mukasinthitse ku sitolo. Zikafanana, imikani yatsopano chilili, mbali ya pamwamba ili m'mwamba, ndipo muikankhe ndi kuikoka katatu kapena kasanu, kuti mpweya umene unasakanikira ndi mafuta itagona m'bokosi ubwerere pamalo pake. Shoko ya mpweya imatambasuka yokha, ndipo ina imabwera itamangidwa ndi lamba. Ndodo yonyezimira ya shoko yatsopano musaigwire ndi pulayala. Kachilonda kakang'ono pa ndodoyo kamadya labala yotseka mafuta, ndipo shoko imayamba kudontha patangopita milungu yochepa.

Lowetsani pamwamba poyamba ndi kumanga ndi zala. Kwezani kapena tsitsani ekiselo mpaka bowo la pansi litalunjika, lowetsani bawuti, ndipo mumange pang'ono. Nati ya pamwamba ya pa ndodo muimange kufikira labala itafufuma n'kulingana ndi m'mphepete mwa washa. Mukapitirira mpaka labala itaphwatalala, ing'ambika msanga.

Bawuti zodutsa m'bushi musazilimbitse gudumu lili lendelende. Labala ya bushi imagwiridwa pamalo pamene mwaimangira. Mukaimanga galimoto ili m'mwamba, potsitsa labalayo imapotoka ndipo imakhala yopotoka masiku onse, mpaka itang'ambika. Choncho bwezerani tayala, tsitsani galimoto, igwedezeni kuti ikhazikike, ndipo pamenepo mulimbitse mabawuti. Ngati dzanja silifika tayala lili pamalo, kwezani ekiselo ndi jeke mpaka ifike pamene imakhala galimoto ikaima pansi, sitandi ikadali pomwepo, ndi kumanga. Mulingo wa kulimba kwa bawuti iliyonse unalembedwa m'buku la galimoto, ndipo amene angabwereke sipanala yoyezera kulimba achita bwino. Manati a tayala amangidwa modumphitsa, ina uku ina kutsidya, osati motsatana. Mukayenda makilomita 50, imani ndi kuyesanso manati onse amene munakhudza.

Za strut ndi ngozi ya sipuling'i

Tafika pa ngozi yachiwiri. Mu strut, sipuling'i imakhala yopanikizidwa nthawi zonse, ngakhale mwendo wonsewo mutauchotsa pa galimoto n'kuugoneka pansi. Mphamvu imene yasungidwamo ndi yolingana ndi kulemera kwa makilogalamu mazana angapo, ndipo chimene chikuigwira ndi nati imodzi yokha ya pakati, pamwamba pa ndodo. Munthu akamasula nati imeneyo sipuling'i isanapanidwe, mbale ya pamwamba ndi sipuling'i zimauluka ngati chipolopolo, ndipo nkhope ya womasulayo imakhala ili pomwepo. Anthu athyoka nsagwada, aduka zala, ndipo ena afa ndi chinthu chimenechi.

Amakaniko ali ndi chida chopanira sipuling'i chimene chinapangidwira ntchito imeneyi. Waya, chingwe, linya kapena lamba womangira katundu sizilowa m'malo mwa chidacho. Kupondetsa sipuling'i ndi galimoto ina kapena kuitsendereza ndi jeke ndi kuika moyo pachiswe. Amene alibe chida choyenera, kapena sanaonepo m'mene chimagwirira, asakhudze nati ya pakatiyo.

Chimene mwini galimoto angachite pakhomo ndi kuchotsa mwendo wonse wathunthu. Akakhazika galimoto pa sitandi monga tanena, amasule chogwirira paipi ya buleki ndi kandodo kolumikiza ku chitsulo choletsa kupendama, kenaka mabawuti awiri aakulu a pansi, ndipo pomaliza manati ang'onoang'ono ozungulira pamwamba, amene nthawi zambiri ali kuseri kwa mpando wa kumbuyo. Mnzake agwire mwendowo kuti usagwere pa paipi ya buleki. Akatero anyamule miyendoyo kupita nayo ku galaja, kumene akasamutsire sipuling'i pa shoko yatsopano. Ntchito imeneyo ndi yaifupi kwa mmisiri wa chida chake, ndipo malipiro ake sangafanane ndi mtengo wa diso.

Pali zinanso ziwiri zoyenera kudziwa. Pa magalimoto ena paipi ya buleki imadutsa m'bowo lotsekeka pa thupi la strut, kotero kuti siichoka popanda kuimasula. Ikamasulidwa, mpweya umalowa m'mafuta a buleki, ndipo uyenera kutulutsidwa galimoto isanayende. Amene sadziwa kutulutsa mpweya m'mabuleki asiye ntchito yonse kwa amakaniko. Chachiwiri, popeza strut imagwira gudumu, ikasinthidwa kaimidwe ka gudumulo kangathe kusintha, choncho galimoto ipite kukayezetsa alayimenti kuti isadye matayala. Safunsa anadya phula, ndipo palibe manyazi kuitana makaniko kuti adzaone musanayambe.

Shoko yakale ndi katundu

Shoko yakale musaiponye pamoto, musaicheke, ndiponso musaipereke kwa ana kuti aseweretse. Ya mpweya ingathe kuphulika ikatenthedwa, ngakhale ioneke yakufa. Amisiri osula ndi owotcherera amene amatola zitsulo zakale auzidwe za ichi. Mafuta a mkati mwake asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena dimba. Ena amaboola shoko yakufa n'kuthiramo oyilo wa injini kuti iyambenso kulimba. Imalimbadi kwa masiku ochepa, koma labala yotseka ndi timabowo ta mkati zinatha kale, ndipo oyilo wa injini sanapangidwire ntchito imeneyo.

Mashoko atsopano adzakhalitsa pokhapokha katundu akakhala wa mulingo. Probox ya katundu inapangidwa kuti inyamule makilogalamu 400 mukakhala anthu awiri okha. Amenewo ndi matumba 8 a makilogalamu 50. Amene amaika matumba 15 a soya, anthu n'kukhalanso pamwamba, masipuling'i amafika polekezera, ndipo bampu iliyonse imagunda shoko ndi thupi la galimoto mwachindunji. Pamenepo palibe shoko ya mtengo uliwonse imene ingapirire. Ulendo umodzi wopulumutsa petulo umadya mashoko, matayala ndi masipuling'i. Katundu wolemera aikidwe pafupi ndi mipando, kutsogolo kwa ekiselo ya kumbuyo, osati kumapeto kwenikweni. Pa msewu wa mizeremizere chepetsani liwiro, pakuti kugwedezeka kosalekeza kumatenthetsa mafuta a shoko mpaka kufooka. Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira galimoto umawirikiza kanayi.

Akuluakulu a nthambi ya boma ya Road Traffic, poyeza galimoto kuti apereke chiphaso cha COF, amaona ngati galimotoyo ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo zapansi pa galimoto ndi mbali ya zimene amaona. Koma mwini galimoto wanzeru sadikira tsiku loyezetsa. Nthawi yabwino younikira mashoko ku Kabwazi ndi madera onse a alimi ndi kumapeto kwa dzinja, mu Epulo, mvula itatha kukumba misewu koma matumba asanayambe kukwera. Pa nthawi imeneyo dothi la pabwalo layamba kuuma, ndipo mukapeza cholakwika muli ndi masiku okafuna masipeya mosathamanga.

Mwachidule, omvera athu, shoko yoima payokha mungathe kuisintha pakhomo ngati malo ndi olimba, matayala a kutsogolo atsekedwa, galimoto yakhala pa sitandi, ndipo ekiselo yachirikizidwa. Gulani awiri, gwirani mbali imodzi pa nthawi, ndipo mulimbitse mabawuti galimoto itaima pa matayala ake. Ngati shoko ili mkati mwa sipuling'i, nati ya pakati ndi ya amakaniko. Sabata ino, musanakweze thumba loyamba, gwadani kumbuyo kwa galimoto yanu ndi kuyang'ana.